Mbande ya Kokonati M'boti

"Madzi amene mwana amakhalamo atsala pang'ono kutha," anatero namwino Unaisi atamuunika Vilimaina pamimba. "Mukwere boti la masana ano, mukachirire kuchipatala chachikulu ku Suva."

"Athera kuti, anamwino? Ine sindinataye ndi dontho lomwe."

"Mwana watakataka liti?"

Vilimaina anagwira pamimba. M'mawa? Dzulo? Kapena dzana akuchapa?

Mwamuna wake, Sakiusa, anali ataima pakhomo pa chipindacho, wangochokera kumunda ndi mbande ya kokonati yoti adzabzale pokwirira mchombo wa mwanayo, monga anachitira bambo ake.

"Nanga iyi ndibzaliretu, kapena ndidikire?"

Namwino anangopitiriza kukulunga chingwe cha makina ounikira, osadzutsa mutu.

Sakiusa anakwera m'boti ndi mkazi wake, mbande ija ili m'manja. Njira yonse anaifunditsa malaya ake kuti madzi amchere asaigwere.