Kompyuta Yomvera Alendo

"Kompyuta ija yazimanso," anatero Christina, kalaliki wa pa loji ya a Kamtedza ku Senga Bay. "Ikangotentha basi, zonse zimene ndalemba zapita. Alendo a msonkhano aja tiwalandira bwanji?"

A Kamtedza anaitanitsanso Fumbani, wokonza makompyuta wa ku Lilongwe. Sikanali koyamba.

Atamva kuti wafika pageti, anathamangira mu ofesi. Kompyutayo ankaifunditsa nsalu ya chipani chawo poopa fumbi ndi mchenga.

"Chotsa msanga nsaluyo, Christina. Matipate ano sudziwa kuti munthu ali mbali iti."

Christina anaipinda n'kuikhalira.

Fumbani anatsegula bokosi la kompyutayo n'kuyang'ana kafani koziziritsa purosesa. Kankazungulira bwinobwino. Anaiyatsa, n'kuidikirira masana onse. Sinazime.

"Bambo, mukunditopetsa," anatero akupukuta thukuta. "Ndikabwera ine, ilibe vuto. Mumaitani ndikachoka?"

"Ife? Timaisamala ngati khanda."

Fumbani ananyamula chikwama chake, ulendo wokakwera minibasi, akung'ung'udza.

Fumbani atangotuluka pageti, a Kamtedza anatenga nsalu ija n'kufunditsanso bokosilo mosamala, mpaka timabowo totulukira mpweya kumbuyo tinatsekeka. Christina anayamba kutaipa mayina a alendo. Posakhalitsa kafani kanalira ngati kakubanika, sikirini n'kuda bii.

A Kamtedza anayang'ana nsaluyo, anayang'ananso kompyutayo, kenaka anagwedeza mutu.

"Ndaitulukira tsopano," anatero motsitsa mawu. "Iyi ndi ya chipani china."