Magolovesi a Malemu Mayi Batiste

"Vala awa," anatero Madala Batiste, akuponyera Dontrell magolovesi amaluwamaluwa ogwirira mapoto, a malemu akazi awo.

Timu yake ya mpira wa ku America inali itachenjeza Dontrell kuti akadzakokanso jezi ya wolandira mpira wa timu ina pomutchinga, ntchito yatha. Ndiye anathawira kwa mkuluyu, amene anatchinga olandira mpira zaka khumi ndi ziwiri oyimbira masewero osamuponyerapo kansalu kachikasu kosonyeza chilango.

Sabata yonse Dontrell anathamanga chambuyo pakapinga mumzinda wa Shreveport, zala zili m'ndende ya magolovesi, aneba akumufunsa ngati makeke apsa.

Lachisanu anavula magolovesi aja monyada. "Madala, kukoka ndasiya!"

"Wakuuza kuti usiye ndani, mphwanga?" Madala anamugwira jezi m'chiuno, mbali imene oyimbira saona. "Ndimachotsa kakokedwe kako kopusako. Bwera, tiyambe."