Chizindikiro Chimene Bambo Ankachidziwa

Pa laputopu yanga panatsala kabokosi kamodzi kopanda kanthu.

Ndinkathandiza nawo kudzaza nkhokwe ya pa intaneti, momwe aliyense amaikamo zizindikiro zoyambira ndemanga m'zinenero za makompyuta. Ndemanga ndi mizere ija makina amangoidumpha, yolembera anthu okhaokha. Kabokosi kotsalako kanali ka chinenero china chakale, ndipo panalibenso wochikumbukira kupatula bambo anga, amene anachigwiritsa ntchito zaka makumi awiri.

Tsopano anali pa njinga ya olumala pafupi ndi zenera, sitiroko itawamanga lilime.

"Bambo, ndemanga munkayamba ndi chizindikiro chanji?" ndinafunsa.

Maso awo anawala. Yankho ankalidziwa ndithu. Milomo inanjenjemera, koma m'kamwa munangotuluka mpweya ndi malovu.

Anandikoka dzanja n'kuyamba kujambula pachikhatho panga ndi chala chakumanzere. Anajambula mzere, kenako wina wopingasa, chala n'kuterereka.

"Nyenyezi?" Anapukusa mutu.

"Mtanda?" Anapukusanso, misozi ili lengelenge.

"Iwe, usawatopetse bambo ako," anatero amayi ataima pakhomo.

Ndinafuna kuchotsa dzanja, koma bambo analigwira zolimba n'kuyambiranso kujambula.