Dzino la Malvina

Atsikana a kufakitale ya machesi ku Hull ankawala mumdima. Mankhwala oyera onyikamo mitu ya machesi ankawakanirira m'zala ndi m'masiketi, moti akamaweruka madzulo ankangooneka ngati ziphaniphani zovala nsapato.

Malvina ndi mnzake Exilda zimenezi zinkawasangalatsa. Tsiku lina madzulo ankakagula buledi, chipale chofewa chikulira pansi pa nsapato zawo, ndipo anali atangothamangitsa chidakwa china pongochikupizira manja.

"Wathawa mpaka kusiya chipewa," anatero Exilda akupukuta misozi ya phwete. "Mawa alawirira kukalapa kwa ansembe ameneyu."

"Iwe, usandiseketse, dzino likundiwawa," anatero Malvina, koma kuseka osaleka.

Atafika pamlatho anamva munthu wachitatu akuseka nawo kumbuyo. Malvina anacheuka. Anali mayi wofunda shawelo yakuda, akubwera pang'onopang'ono. Manja ake anali bii, siketi yakenso bii. Chimene chinkawala chinali nsagwada, mzere wobiriwira kuchokera kukhutu mpaka kuchibwano, ngati mmene zinkawalira za anzawo ena amene mankhwala aja anawawoletsa nsagwada, n'kusiya ntchito atamanga nsalu kumaso, osaonekanso.

"Mwaswera bwanji achemwali?" anafunsa Exilda mwansangala. "Mumagwira mbali iti? Sitinakuonenipo."

Mayiyo sanamuyang'ane n'komwe Exilda. Anayang'ana Malvina, n'kumumwetulira ngati mnzake wakalekale.

"Inenso zinayamba ndi dzino lam'munsi, lakumanzere," anatero.

Malvina anali asanauze munthu aliyense kuti ndi dzino liti.