Sikelo ya Nowa

Pa Kwekwe ponse palibe munthu woyenda ngati ine Sandifolo, ndipo sindibwerako chimanjamanja. Nditangotsika ndege yochokera ku Spain, ndinakaima pakhomo pa Dorah, mkazi wa malemu Nowa, mnzanga amene ndinkakumba naye golide.

"Alamu, ndaona zinthu! Katawuni kakang'ono, koma paphiri pali zigayo zakale zoyendera mphepo, zoyera mbee! Kumunsi amayi amathothola tiulusi tofiira m'maluwa, tothira mu mpunga. Amati safironi, ndipo amayeza pa magalamu ngati golide. Landirani."

Dorah sanathokoze. Analowa m'nyumba n'kutulutsa kasikelo ka Nowa, dothi la kumgodi likadali m'mbali. Anakhuthulirapo tiulusito.

"Galamu imodzi," anatero. "Tsiku limene mgodi unakwirira Nowa, inu munatuluka ndi magalamu ake a golide khumi ndi awiri, alamu. Mwana wathu Mazvita anasiya sukulu."

Kamphepo kanauluza tiulusito. Palibe anatola.

Ndinalimbana ndi mphete yanga yagolide, imene tawuni yonse imandidziwira, kuti ndiivule, mpaka chala chinasupuka. Itagwera pasikelo, Dorah anawerama kuti aone bwino.

"Khumi ndi awiri ndendende," anatero, n'kutseka chitseko.