"Ndili Bwino" wa Nanzikambe

Padangotero, kusukulu ya kudambo, Chule ndi Nanzikambe anapikisana kuti akhoze mayeso ndani. Mantha akamugwira, Chule ankalira mokweza pamodzi ndi anzake, mtima n'kupepuka. Nanzikambe anali atangoika bambo ake m'manda, koma amalume anamuuza kuti mwamuna salira. Ndiye akapatsidwa moni ankangosanduka wobiriwira. "Ndili bwino, kaya inu."

Tsiku la mayeso Nanzikambe anagwa kuchokera panthambi atada bii.

"Achimwene, bwanji osanena?" anatero Chule. "Si ndinkakufunsani m'mawa uliwonse?"

"Munkafunsa mukudumpha," anayankha Nanzikambe. "Ndikamati nditsegule pakamwa, n'kuti inu muli kutsidya."

Chule anakhoza ndithu, koma manyazi anamulowetsa m'matope. Mpaka lero amangotulutsa maso okha.