Wamagetsi Amene Anakana Kuveka Dzino Chipewa

Panali munthu wina wokonza magetsi m'nyumba za anthu, anzake ankangomutcha Pulayala chifukwa waya ankasenda ndi mano. Otafunira a mbali imodzi anali atazulitsa kale. Mbali inayo linatsala dzino limodzi lodalirika, ndipo nalonso linabooka n'kuyamba kumuzunza.

Dokotala wa mano anachotsa mtsempha wowola mkati mwa dzinolo n'kutseka bowolo. Ululu unatheratu.

"Bambo, ntchito sinathe," anatero dokotalayo. "Dzinoli latsala chigoba, silimvanso kanthu. Mubwerenso tidzaliveke kachipewa kolimba, apo ayi lidzang'aluka."

"Ndamva, adokotala. Ndibwera."

Sanapite. Mukuwadziwa amuna athuwa, chinthu chikangosiya kupweteka, basi chachira. Mkazi wake analankhula mpaka kukamwa kuuma.

"Bambo a ana, akuchipatala aja aimbanso foni."

"Mayi, tandisiyani ndipume, ndaswera pamakwerero. Dzino silikupweteka, chipewa n'chachiyani? Likupita kuukwati?"

Mayiyo anangousa moyo n'kusiya. Kulera ana ndi kulera bambo wawo yemwe, nayenso anali atatopa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti bamboyo ataona kuti dzinolo silimva kuzizira kapena kutentha, analisandutsa chida chenicheni cha ntchito. Kwa anzake ankachita kunyadira kuti ili ndiye lachitsulo.

Tsiku lina ali kudenga, dzanja limodzi litagwira mtanda, analuma waya wokhuthala n'kukoka. Kunangomveka kuti tswa! Poti silinapweteke, anamaliza ntchito yake n'kupitiriza kutafunira pomwepo. Pasanapite nthawi tsaya linatupa, ndipo ulendo uno anapita yekha osatumidwa.

Dokotala anaunika m'kamwamo, kenako anaika zida pansi.

"Lang'aluka mpaka kumuzu. Chipewa chilibenso pokhala. Tilizula."

"Simungalimate, adokotala? Ndi lokhalo latsala."

"Kuliteteza tikanatha, bambo. Kulimata sitingathe."

Chilonda chitapola, mkazi wake anaphika nyama. Anatenga mbale ya bamboyo, n'kuduladula nyamayo ting'onoting'ono monga amachitira ndi ya mwana wawo wamng'ono, n'kumuikira patsogolo osanena kanthu. Ana anayang'ana mbaleyo, anayang'ana bambo awo. Bamboyo anachita manyazi kwambiri, analakalaka mkazi wakeyo akanangomukalipira.

Phunziro: Kutha kwa ululu si kuchira. Dzino lochotsedwa mtsempha silidandaula, limangosweka, choncho dokotala akati mubwerenso, bwererani msanga alivindikire. Ndipo mano si pulayala. Tumizirani abale ndi anzanu nkhaniyi, makamaka aja osamva aja.